Mfuti yolowa chipolopolo chimodzi pa ulenje wa nyama zikuluzikulu: imayenera ndani, ndipo imasankhidwa bwanji?

Kwa anthu a m'midzi yozungulira nkhalango ya Kasungu, mfuti yolowa chipolopolo chimodzi si yachilendo, pakuti mfuti ya gogodela imene alenje akale ankapita nayo kuuzimba inali ya mtundu womwewo: mwini wake ankathira onga kukamwa kwa mpope, kutsindira ndi kamtengo, kuikamo mtovu, kuwomba kamodzi, kenaka n'kuyambanso zonsezo utsi usanathe. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mafakitale a ku Ulaya ndi ku America akupangabe mfuti zamakono zolowa chipolopolo chimodzi chokha, zolimba ndiponso zolunjika kwambiri, ndipo alipo alenje amene amazisankha mwadala ngakhale ali ndi ndalama zokwanira kugula mfuti ya magazini yolowa zipolopolo zinayi kapena zisanu. Kuti tione pamene kusankha kotere kuli kwanzeru ndi pamene kuli kuika moyo pachiswe, tiyenera kuyamba ndi malamulo, kenaka nyama, mfutiyo n'kubwera pambuyo.

Nkhalango ya Kasungu, imene ndi yaikulu masikweya kilomita 2,316 ndipo inakhala malo otetezedwa a National Park mu 1970, si kosakako nyama, ndipo palibe chiphaso chimene munthu wamba angagule choti akawombere njati kapena njovu m'menemo. Lamulo loteteza nyama zakutchire la 1992, limene Nyumba ya Malamulo inalikhwimitsa mu 2017, limapereka chilango chofika zaka 30 m'ndende pa milandu yokhudza nyama zotetezedwa mwapadera monga njovu ndi chipembere. N'zoona kuti kuchokera mu 2022, pamene njovu 263 zinasamutsidwa ku Liwonde kubwera kuno, madandaulo a minda yoonongedwa ndiponso anthu ovulala kapena kufa akhala akumveka m'midzi ya m'malire, kwa Chulu ndi kwina, ngakhalenso kutsidya ku Zambia. Koma ntchito yopirikitsa kapena kupha nyama yovuta ndi ya agemu a boma, ndipo mfuti tikukambayi ndi yosayenera m'pang'ono pomwe pa ntchito imeneyo. Ulenje wololedwa wa nyama zikuluzikulu umachitika kwa anansi athu: m'madera a ulenje ozungulira chigwa cha Luangwa monga Lupande ndi Lumimba, amene sali kutali ndi malire athu, ku Tanzania, ku Mozambique, ku Zimbabwe, ndi m'mafamu a nyama a ku South Africa ndi Namibia. Mnyamata wa ku Kasungu kapena ku Mchinji amene angapeze ntchito kumeneko yolondola mapazi a nyama, yosenda zikopa kapena yonyamula mfuti ya mlendo ayenera kuchidziwa bwino chimene wanyamulacho, chifukwa nyama ikavulala, wotsogola m'tchire amakhala iyeyo.

Kukhala ndi mfuti kuno kwathu kumayendera lamulo la mfuti la 1967, limene amaliyendetsa ndi apolisi: munthu amayamba wapeza chilolezo asanagule, mfuti imalembedwa m'kaundula ndi nambala yake, chiphaso n'kumakonzedwanso chaka ndi chaka. Chiphaso cha mfuti si chiphaso cha ulenje, pakuti chachiwirichi chimachokera ku nthambi yoona za nyama zakutchire. Kuoloka nayo malire, kaya pa Mchinji kaya pena paliponse, kumafuna zilolezo za maiko onse awiri.

Mawu akuti nyama zikuluzikulu amaphatikiza magulu awiri amene sayenera kusokonezedwa. Gulu loyamba ndi la nyama zimene zikalasidwa zimathawa: ngoma, imene yamphongo imalemera makilogalamu apakati pa 190 ndi 270, mphalapala, chilembwe, mbidzi, nakodzwe, ndi ntchefu, imene yamphongo yokhwima imatha kupitirira makilogalamu 700. Gulu lachiwiri ndi la nyama zimene zikalasidwa zimatha kutembenukira wozilasayo: njati, njovu, mvuu, mkango ndi kambuku. Malirewa si olimba kotheratu, poti mphalapala yovulala imene yagwada pansi siyandikiridwa chisawawa chifukwa cha nyanga zake, komabe kusiyana kwake n'koonekeratu. Pa gulu loyamba, chipolopolo chikapita molakwika mlenje amatha tsiku lonse akulondola magazi, nyama ikuzunzika, zimene n'zoipa kale. Pa gulu lachiwiri, kulakwitsa komweko kumatha kutayitsa munthu.

Mfuti zamakono za chipolopolo chimodzi zili m'mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo kusiyana kwake kuli pa katsekedwe ka kumbuyo kwa mpope. Mtundu woyamba, umene amisiri amautcha falling block, uli ndi chitseko chachitsulo chochindikala chimene chimatsika ndi kukwera m'ngalande ziwiri kuseri kwa mpope. Mukakankhira pansi mkono wachitsulo umene uli kunsi kwa mfuti, chitsekocho chimatsika, chigoba chopsa chimatuluka, ndipo mukasuzumira mumaona kuwala kukudutsa mumpope wonse mpaka kukamwa. Mukalowetsa chipolopolo china ndi chala chachikulu n'kubweza mkonowo, chitseko chimakwera n'kudzaima kumbuyo kwa chigoba. Mphamvu yonse ya onga imakankha chitsulo chimene chagwidwa ndi makoma mbali zonse ziwiri, n'chifukwa chake kapangidwe kameneka ndi kamodzi mwa kolimba kwambiri pa mfuti zonse za alenje. John Farquharson wa ku Scotland analembetsa kapangidwe kake mu 1872, ndipo mmisiri George Gibbs wa ku Bristol ndiye anatchukitsa mfuti za dzina limenelo. Ku America, John Browning analembetsa yake mu 1879, imene kampani ya Winchester inadzagulitsa monga Model 1885. Yodziwika kwambiri masiku ano ndi Ruger No. 1, imene inatuluka mu 1967 motsanzira maonekedwe a Farquharson, ndipo mtundu wake wotchedwa Tropical unapangidwira nyama zolemera za kuno ku Africa.

Mtundu wachiwiri ndi wothyola pakati, umene ambiri tinauonapo pa mfuti zowombera mbalame za Baikal zochokera ku Russia: mukakankha kachitsulo ka pamwamba kapena pansi, mpope umaweramira pansi pa hinji, kumbuyo kwake n'kutseguka. Zilipo zotsika mtengo, monga Baikal MP-18, CVA Scout ndi Thompson/Center Encore, ndipo zilipo zodula kwambiri za ku Germany, monga Blaser K95 ndi Krieghoff Hubertus, zimene zinapangidwira alenje okwera mapiri, kotero kuti zina sizifika n'komwe makilogalamu 3 ndipo zimapatulika n'kulowa m'kachikwama. Zina zimalola kusintha mpope, lero wa nswala mawa wa ngoma, ngakhale kuti mpope wowonjezera ndi nkhani yokafunsa kupolisi musanaugule. Kufooka kwa mtundu umenewu kuli pa hinji ndi loko wake, pakuti mphamvu ya onga imayesa kutsegula mfuti nthawi iliyonse ikalira, ndipo pa zotsika mtengo zolowa zipolopolo zamphamvu kwambiri malowa amayamba kukhwepa m'kupita kwa zaka. Mfuti zakale kwambiri, monga Martini-Henry imene asilikali a Britain anayamba kugwiritsa ntchito mu 1871, zisatitayitse nthawi: zinapangidwira onga wakuda wa nthawi imeneyo, ndipo malo ake lero ndi kosungirako zakale, osati kutchire.

Nanga chimakopa alenje n'chiyani? Choyamba ndi kufupika. Popeza mulibe chitsulo chokoka cham'mbuyo n'kubweza, chotchedwa bolt, monga cha mfuti ya 303 imene ambiri timaidziwa, mfuti ya falling block imafupikirapo pafupifupi masentimita 10 poyerekeza ndi ya bolt ya mpope wotalika mofanana. Ruger No. 1 ya mpope wa masentimita 61 yonse imatalika pafupifupi masentimita 103. M'tchire la mombo ndi masuku ngati lathuli, momwe munthu amayenda chowerama pansi pa nthambi ndipo udzu wa m'madambo umapitirira mutu, masentimita 10 amenewo amamveka ndithu dzuwa likamapendeka. Wamanzere amaigwira mofanana ndi wamanja, chinthu chimene mfuti zambiri za bolt sizilola. Pamsasa kapena m'galimoto, mfuti yotere ikakhala chitsegulire aliyense amaona ndi maso ake kuti mulibe kanthu, pamene pa ya magazini munthu amatha kuchotsa chipolopolo cha m'chipinda cha kumbuyo kwa mpope n'kuiwala zotsala pansi. Kusuzumira mumpope m'mawa uliwonse n'kosavutanso, ndipo zimenezi si zachabe kutchire kumene mavu amatha kumanga dothi mumpope wa mfuti yotsamira pamtengo, dothi lokwanira kuphulitsa mpopewo.

Okonda mfutizi amawonjezera kuti zimaphunzitsa kudekha, poti wodziwa kuti ali ndi chipolopolo chimodzi sawomba mwachisawawa. Muli choonadi pang'ono m'menemo, koma mfundoyi imakokomezedwa. Kudekha kumachokera kwa munthu, osati kwa chitsulo, ndipo wopupuluma ndi zipolopolo zisanu kawirikawiri amapupulumanso ndi chimodzi; kusiyana n'kwakuti tsopano alibe chokonzera zimene waononga.

Apa ndiye pali mtengo weniweni wa mfutiyi, ndipo ndi bwino kuuwerengera ndi manambala. Njati yothamanga imafika liwiro la makilomita 50 pa ola, kutanthauza mamita pafupifupi 14 pa sekondi iliyonse. Njati zambiri zimawomberedwa pa mtunda wosapitirira mamita 80, ndipo yovulala imene yabisala m'bango kapena m'ziyangoyango imatha kudzambatuka pa mamita 20 kapena kucheperapo, ndiye kuti sekondi imodzi ndi theka. Mlenje wozolowera, ataima pamalo oyeserera mtima uli m'malo, amalowetsa chipolopolo chachiwiri n'kulozanso m'masekondi atatu kapena anayi. Wa bolt amachita zomwezo mu sekondi imodzi kapena awiri osachotsa mfuti paphewa. Wa mipope iwiri amangosuntha chala. Onjezanipo thukuta m'maso, manja onjenjemera, kashembe akuluma pakhosi, chipolopolo chapulumuka m'zala n'kugwera muudzu, ndipo muona kuti pa njati yobwera, mfuti ya chipolopolo chimodzi ikalira yatha ntchito.

Komabe alipo amene amapita nazo ku njati n'kubwerako bwinobwino, ndipo chifukwa chake si matsenga. M'maiko onse tatchula aja, mlendo wodzasaka nyama zoopsa amayenera kuperekezedwa ndi katswiri wa ulenje wa chiphaso, amene amaima pambali pake ndi mfuti yolemera ya mipope iwiri kapena ya bolt. Chipolopolo chachiwiri chilipo, koma chili m'manja mwa munthu wina. Ngakhale alenje a m'zaka za m'ma 1800 amene nkhani zawo zimatamandidwa sankayenda okha, poti kumbuyo kwawo kunkakhala munthu wakuda wonyamula mfuti ina yothira kale, amene dzina lake silinalembedwe kawirikawiri. Choncho kuona kwanga n'kwakuti mfuti ya chipolopolo chimodzi ndi yabwino kwambiri pa ngoma, mphalapala, mbidzi ndi ntchefu. Ndi yololeka pa kuwomba koyamba kwa njati imene sinadzidzimuke, malinga ngati woperekezayo wavomera ndipo olondola mapazi auzidwa. Koma si mfuti ya katswiri woperekeza, si ya mgemu wolimbana ndi njovu kapena mvuu yolowa m'minda usiku, ndiponso si yolowera nayo m'chitsamba momwe mwabisala kambuku wovulala. Ndipo ngakhale pa nyama zothawa zija, mwini mfuti yotere ayenera kuvomereza kuti nyama zina azizisiya zipite: yaima motembenuka, yabisika theka ndi tsinde la mtengo, kapena ili patali kuposa pamene anayeserera. M'madera ambiri a ulenje, nyama imene yatuluka magazi imawerengedwa ngati yaphedwa, ndipo imalipiridwa kaya yapezeka kaya ayi.

Kukula kwa chipolopolo nakonso sikusiyidwa m'manja mwa mlenje yekha. Ku Tanzania lamulo limafuna chipolopolo cha .375 (mutu wa mamilimita pafupifupi 9.5 m'mimba mwake) kapena kuposerapo pa nyama zoopsa monga njati ndi njovu. Ku Zimbabwe anachita kuzigawa mwatsatanetsatane: njovu, njati ndi mvuu zimafuna mutu wa chipolopolo wosachepera mamilimita 9.2 m'mimba mwake ndi mphamvu yosachepera majoule 5,300 potuluka pampope; mkango, ntchefu ndi kadyamsonga zimafuna mamilimita 7 ndi majoule 4,300; pamene ngoma, mbidzi, mphalapala ndi zina zotero zimafuna mamilimita 7 ndi majoule 3,000. Manambalawa ndi muyeso wothandiza ngakhale kwa wopita kudziko lina. Chipolopolo cha .30-06, chimene chinatuluka mu 1906, chikakhala ndi mutu wa magalamu 11.7 chimapereka majoule pafupifupi 3,900, okwanira ngoma ndi mphalapala koma operewera pa muyeso wa ntchefu, ndipo .308 Winchester ya 1952 ili m'munsi mwake pang'ono. Chimene chimakwanira magulu onse ndi .375 H&H Magnum, chimene kampani ya Holland & Holland ya ku London inatulutsa mu 1912: mutu wa magalamu 19.4 wothamanga mamita pafupifupi 770 pa sekondi, majoule oposa 5,700. Cha 9.3x74R, chimene chimakondedwa kwambiri pa mfuti zothyola pakati za ku Germany, chimakwanitsa kukula kwa mutu koma zambiri za m'sitolo sizifika majoule 5,300, ndiye wofuna njati ayambe wafunsa lamulo la kumene akupitako.

Pali kanthu kena kamene kamakhudza mfuti za chipolopolo chimodzi kuposa zina zonse, ndipo ogula ambiri sakalabadira. Mukatembenuza chigoba cha 303 muona mkombero wotulukira kunja kuzungulira thako lake, pamene cha .30-06 chilibe mkombero wotero, chili ndi kangalande kokha. Pa mfuti yothyola pakati, kambedza kotulutsa chigoba kamagwira mkombero wotulukawo mwamphamvu ndi chitsulo chochindikala, pamene pa chigoba cha kangalande pamafunika kachitsulo kakang'ono ka sipuling'i, kamene kamatha kuterereka chigoba chikakanirira. Ndiye chifukwa chake amisiri a ku Germany anapanga zipolopolo zokhala ndi chilembo R kumapeto, monga 7x57R, 7x65R ndi 9.3x74R, ndipo a ku Britain anapanga za Nitro Express, monga .450/400 ya 1902, imene mutu wake wa magalamu 26 umapereka majoule pafupifupi 5,500 popanda kumenya phewa mopitirira. Kukanirira kwa chigobako kumabwera makamaka ndi kutentha. Kuno kumtunda kwa Kasungu nyengo imatichitira chifundo, koma m'chigwa cha Luangwa mwezi wa Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo chipolopolo chimene chakhala padzuwa m'galimoto chimaphulika ndi mphamvu yoposa imene chinayesedwa nayo kufakitale, chigoba n'kutupa n'kumamatira kumakoma. Amisiri akale a ku Britain ankadziwa zimenezi, poti onga wawo wa cordite sunkagwirizana ndi dzuwa, ndipo ankapanga dala zigoba zazikulu kuti mphamvu isaunjikane pamodzi. Ruger No. 1 imatulutsa bwino zigoba za mitundu yonse iwiri, koma pa mfuti yothyola pakati yopita kotentha, chigoba cha mkombero ndicho chodalirika.

Kudalirikako kuyenera kuyezedwa pamodzi ndi kapezekedwe. Zipolopolo za .375 H&H, .30-06 ndi .308 zimapezeka mosavuta m'masitolo ovomerezeka a ku Lusaka, Harare kapena Johannesburg kusiyana ndi .450/400 kapena 9.3x74R, ndipo woyenda pandege amaloledwa makilogalamu 5 okha a zipolopolo, amenenso akhoza kusochera panjira.

Tsopano nkhani ya phewa. Mfuti ikalira imakankhira m'mbuyo, ndipo ikapepuka ndi pamene imakankha kwambiri. Tsono mfuti za chipolopolo chimodzi zimakonda kukhala zopepuka. Ya .375 imamenya pafupifupi kawiri kuposa ya .30-06, ndipo kuti munthu wamba aipirire iyenera kulemera makilogalamu 4 kapena kupitirirapo pang'ono pamodzi ndi galasi lake lolozera. Frederick Courteney Selous, amene nkhalango yaikulu ya ku Tanzania inatchedwa dzina lake, anayamba kusaka njovu m'zaka za m'ma 1870 m'dera limene lero ndi Zimbabwe ndi mfuti zothira onga kukamwa, zoponya mtovu wolemera magalamu oposa 100, ndipo pambuyo pake anadandaula yekha kuti kumenya kwa mfuti zimenezo kunamuonongera kawombedwe kuyambira pamenepo. Mfuti imene anadzaikonda kwa zaka zambiri inali Farquharson ya Gibbs ya .461, ya chipolopolo chimodzi koma yopiririka. Vuto limene linamugwera Selous limagwera aliyense: thupi likaphunzira kuti mfuti imapweteka, munthu amayamba kutsinzina ndi kugwetsa mpope pansi mfuti isanalire, iye osadziwa. Kuyesa kwake n'kosavuta pa mfuti ya mtunduwu. Mnzanu atembenuke, aike chipolopolo kapena asaike, atseke n'kukupatsirani. Mukakoka kachitsulo kowombera pa chipinda chopanda kanthu, mpope ukagwedera, ndiye kuti mfutiyo yakukulirani, ndipo ndi bwino kutsikira ku chipolopolo chaching'ono n'kusiya njati kusiyana ndi kudzinamiza. Thabwa nalonso likukwaneni: mutatsinzina n'kukweza mfuti paphewa, potsegula maso diso lizipezeka lili kale pamzere wolozera.

Mutu wa chipolopolo uli pawiri. Wofewa umafutukuka ukalowa m'thupi n'kuononga mapapo ndi mtima, pamene wolimba sufutukuka koma umaboola mafupa ochindikala molunjika. Pa njovu amagwiritsa ntchito wolimba wokha. Pa njati ambiri lero amayamba ndi wofewa wa mtundu wosasweka, monga Swift A-Frame kapena Barnes TSX wa kopa yekhayekha, chifukwa wofewa wotchipa umanyenyeka paphewa la njati osafika m'kati. Wokhala ndi chipolopolo chimodzi asaumire ndalama pamenepa. Mwayi wake ndi wakuti amatha kutsegula mfuti mwakachetechete n'kusintha chipolopolo malinga ndi nyama imene yaoneka, popanda kukhuthula magazini.

Galasi lolozera likhale lokuza pang'ono, kuyambira kukuza ka 1.5 mpaka ka 5 kapena ka 6, pakuti m'tchire lowirira galasi lokuza kwambiri limangoonetsa ubweya wakuda osadziwika kuti ndi phewa kapena thako. Likhalenso patali ndi diso masentimita 8 mpaka 10, apo ayi mfuti yolemera ikakankha limatema chikope. Pa Ruger No. 1 malo omangirapo galasi ali kutsogolo, moti ena amafunika zomangira zobwerera m'mbuyo, ndipo pogula yesani ngati chala chikulowa momasuka pansi pa galasilo ndi chipolopolo, chifukwa galasi lotsika kwambiri limatseka njira yothiramo.

Pa katulutsidwe ka chigoba palinso kusankha. Mfuti zina zimangochikweza pang'ono kuti muchisolole ndi zala, zina zimachiponyera kunja zokha. Wosaka ngoma angakonde yoyambayo poti ilibe phokoso, koma wopita ku njati asankhe yoponya. Ruger No. 1 imatha kusinthidwa kuti ichite chilichonse mwa ziwirizi, ngakhale kuti pa zina chigoba chimagunda loko wa pamwamba woletsa mfuti kulira n'kubwerera m'njira, kachilema kamene mmisiri wa mfuti amakonza koma kamene muyenera kukatulukira kunyumba, osati kutchire. Zipolopolo zapadera zisamakhale m'thumba la buluku pamodzi ndi makiyi. Ena amazisomeka pa kalamba komangidwa pathako la mfuti, ena pa lamba wa m'chiuno kutsogolo, ndipo ozolowera amapana ziwiri pakati pa zala za dzanja logwira kutsogolo, mitu italoza kunja kwa chikhatho, kuti dzanja lowombera lingozitola. Njira iliyonse imafuna kuyeserera ndi zipolopolo zopanda onga kufikira manja azichita okha maso ali pa nyama.

Za kulunjika, dziwani kuti thabwa la mfutizi lili pawiri, lakumbuyo ndi lakutsogolo, ndipo lakutsogololo limakhudza mpope kapena chitsulo cholendewera pansi pake. Mukalitsamiritsa pa ndodo zitatu zowomberapo lero chakutsogolo mawa chakumbuyo, kapena likatupa ndi chinyezi cha m'dzinja n'kudzauma m'chilimwe, chipolopolo chimatha kusintha pogwera. Poyesa, kuwomba kasanu motsatizana mpope ukutentha sikukuuzani zambiri, popeza kutchire simudzawomba chotero. Wombani kamodzi pa mamita 100 mpope uli wozizira, muli chiimire pa ndodo zomwe mudzapite nazo, mubwerenso tsiku lina n'kuwombanso kamodzi papepala lomwelo. Ngati mabowo a masiku angapo akukwanira pachikhatho, mfutiyo ndi mwini wake agwirizana.

Ambiri amagula mfuti yoti wina anagwiritsapo kale ntchito, ndipo apa mapepala ndiwo oyamba: nambala ya pachitsulo ifanane ndi ya pachiphaso cha wogulitsa, ndipo kusintha umwini kudzere kupolisi ndalama zisanaperekedwe. Zikatero, musakopeke ndi zokongoletsa za pachitsulo, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Suzumirani mumpope poyang'anitsa kowala kuti muone ngati mizere yozungulira ya m'kati ikadali yakuthwa ndiponso ngati dzimbiri silinakumbe timaenje, makamaka pafupi ndi chipinda ndi kukamwa. Pa yothyola pakati, chotsani thabwa lakutsogolo, itsekeni, muigwire pathako n'kuigwedeza: kakuphokosera kalikonse pa hinji ndi chizindikiro chakuti yakhwepa. Pa ya chipolopolo cholemera, yang'anani thabwa pamene limakumana ndi chitsulo kumbuyo kwa loko, poti ndi pamene kumenya kumayambitsa mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, umene wogulitsa amatha kuubisa ndi polishi. Pomaliza, pamalo ovomerezeka, iwombeni ndipo mutole chigoba chake n'kuchiyerekeza ndi chipolopolo chatsopano. Chikakhala chotupa mbali imodzi, chokandika, chong'aluka pafupi ndi thako, kapena chikachita kufuna mpeni kuti chituluke, ndiye kuti chipinda kapena chitseko chili ndi vuto, ndipo mfutiyo ibwerere kwa mwini wake ngakhale atatsitsa mtengo motani.